Za Makompyuta m'Maofesi a Boma ndi Nchito Yake Yeniyeni

Masiku ano maofesi ambiri a Boma asiya kusunga maina a anthu m'mabuku akuluakulu, ndipo ali kuwasunga m'makina otchedwa kompyuta. Munthu wa kumudzi akumana ndi makina amenewa pokalembetsa chiphaso cha unzika, pokagula fetereza wotsika mtengo, pokalembetsa kuvota, ndiponso m'zipatala zina. Nthawi zina nchito imene kale inkatha mwezi wathunthu itha m'mphindi zowerengeka. Koma nthawi zinanso anthu aima pa mzere kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, nabwerera kwao chimanjamanja atauzidwa kuti netiweki yabvuta. Tsono ambiri afunsa kuti, "Kodi makinawa anadza kudzathandiza anthu kapena kudzawasautsa?"

Yankho lake ndi lakuti kompyuta ithandiza pokhapokha itakonzedwa molingana ndi nchito imene ofesiyo inakhazikitsidwira. Nkhani ino yalembedwa kuti owerenga, makamaka aphunzitsi ndi onse amene amawerengera anzao m'midzi, amvetse m'mene zinthuzi ziyendera, ndi chifukwa chake pena ziyenda bwino pena iai.

Zinthu zinai zofunika

Aphunzitsi onse adziwa buku loitanira maina m'kalasi. Bukulo liri ndi chifukwa chake. Lithandiza mphunzitsi wamkulu kudziwa ana amene ali kubwera ndi amene asiya sukulu, ndipo lithandiza a ku ofesi ya maphunziro kudziwa mabuku ndi aphunzitsi ofunika pa sukulupo. Kuti bukulo likhale la phindu pafunika zinthu zinai. Choyamba ndi maina olondola. Chachiwiri ndi buku lenilenilo ndi cholembera. Chachitatu ndi munthu wodziwa kulemba, amene ali wokhulupirika. Chachinai ndi lamulo lonena kuti bukulo lilembedwe liti, lisungidwe ndi yani, ndipo aloledwa kuliona ndani.

Kompyuta ilowa m'malo mwa chinthu chachiwiri chokha. Iposa buku chifukwa isunga maina mamiliyoni, ipeza dzina limodzi msangamsanga, iwerengetsa mosatopa, ndipo itumiza zolembedwa kuchokera ku Chitipa kukafika ku Lilongwe tsiku lomwelo. Koma zinthu zitatu zotsalazo zikhalabe m'manja mwa anthu. Ngati kalaliki alemba dzina molakwa, kompyuta isunga kulakwako mosamala monga m'mene isungira choonadi. Ngati lamulo la mu ofesi liri lokhotakhota, lofuna kuti munthu asainitse pepala limodzi kwa akuluakulu asanu, makinawo angotsata kukhota komweko.

Nchito iyambe, chida chitsate

Mlimi wanzeru sayamba wagula chida chonyezimira ku sitoro nkumafuna pambuyo pake nchito yoti chigwire. Ayamba waona munda wake. Ngati kuli zitsa afuna nkhwangwa, ngati kuli udzu wautali afuna chikwakwa, ngati ndi nthawi yopalira afuna khasu. Ofesi ya Boma iyenera kuchita chimodzimodzi. Isanagule makina, akuluakulu ake ayenera kukhala pansi ndi kuyankha mafunso asanu awa:

1. Kodi ofesi ino inakhazikitsidwa kuti iwachitire anthu chiani?
2. Kodi anthu abvutika pati pofuna chithandizo chimenechi?
3. Ndani adzagwira makinawa, ndipo kumene ali kuli magetsi ndi netiweki?
4. Akadzaonongeka adzakonza ndani, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti chaka ndi chaka?
5. Chidzasonyeza kuti zinthu zasintha ndi chiani?

Funso lachitatu ndi lalikulu kwambiri m'dziko lino. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 ali onse anali a m'midzi. Kalembera yemweyo anapeza kuti nyumba 11 zokha mwa 100 ndizo zinkaunikira ndi magetsi. Kotero njira iriyonse yofuna kuti munthu akhale ndi foni yamtengo wapatali ndi intaneti yamphamvu idzathandiza anthu ochepa a m'tauni, nisiya ambiri kunja.

Chitsanzo cha mankhwala a ana

Chitsanzo chabwino cha chida chotsata nchito chinaoneka ku Unduna wa Zaumoyo. M'midzi yakutali ndi chipatala muli alangizi a zaumoyo amene amapereka mankhwala a malungo, a kutsegula m'mimba ndi a chibayo kwa ana osapitirira zaka zisanu. Bvuto lao linali lakuti mankhwala ankatha, ndipo mlangizi ankapalasa njinga mtunda wautali kupita ku chipatala chaching'ono nkukapeza kuti kumenekonso kulibe kanthu, kapena kuti wosunga makiyi wachoka. Tsiku limenelo ana odwala m'mudzi ankakhala opanda wowaona.

Cholinga tsono chinali chodziwika: mwana wodwala apeze mankhwala m'mudzi momwemo. Chaka cha 2011 Undunawu pamodzi ndi abwenzi ake unayamba njira yotchedwa cStock m'maboma asanu ndi limodzi. Alangizi sanagulidwe makompyuta. Ankagwiritsa nchito mafoni wamba amene anali nao kale. Mwezi uliwonse mlangizi ankatumiza uthenga waufupi wonena mankhwala otsala m'bokosi mwake. Kompyuta, imene inali kutali, inkawerengetsa mankhwala ofunika kuonjezera nitumiza chiwerengerocho ku chipatala chaching'ono. Mankhwala akalongedwa, mlangizi ankalandira uthenga womuitana kuti akatenge. Akuluakulu a ku boma naonso ankatha kuona midzi imene mankhwala atha. Pambuyo pake njirayi inafalikira m'maboma ena onse.

Owerenga aone kuti mbali yobvuta ya nchitoyi inasiyidwira makina, ndipo mbali yapafupi inapatsidwa kwa munthu wa kumudzi. Umo ndimo ziyenera kukhalira.

Kaundula mmodzi wa dziko lonse

Kwa zaka zambiri Amalawi analibe chiphaso chimodzi chosonyeza kuti iwo ndi yani. Wina ankasonyeza chiphaso chovotera, wina kalata ya kwa nyakwawa, wina laisensi yoyendetsera galimoto. Unduna uliwonse unali ndi mndandanda wakewake, ndipo munthu mmodzi ankatha kulembedwa ndi maina awiri kapena atatu. Anthu amene anamwalira kale ankapezekabe pa mndandanda wa olandira makuponi.

Lamulo la kalembera wa unzika linakhazikitsidwa chaka cha 2010 ndipo linayamba kugwira nchito chaka cha 2015. Kuyambira mwezi wa May kufikira November chaka cha 2017, nthambi ya National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP ndi maiko ena, inalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kupitirira. Alembi anayenda ndi mabokosi pafupifupi 2,000, ndipo m'bokosi lirilonse munali kompyuta, chojambulira nkhope ndi chotengera zidindo za zala. Popeza okonza nchitoyi anadziwa kuti m'midzi mulibe magetsi, mabokosiwo anali otha kutenga mphamvu ku dzuwa. Zidindo za zala ndizo zinatseka njira ya kulembetsa kawiri, pakuti palibe anthu awiri amene zala zao zifanana.

Phindu la kaundula mmodzi linaoneka msanga. Chaka cha 2018 bungwe loyendetsa zisankho linagwiritsa nchito chiphasochi polemba ovota oposa 6.8 miliyoni a chisankho cha 2019, ndipo kulemba munthu mmodzi kunali kwachangu chifukwa dzina lake ndi chithunzi chake zinalipo kale. Chaka chomwecho eni mafoni analembetsa manambala ao. Mabanki naonso anayamba kufunsa chiphaso chomwechi. Chaka cha 2020, pamene Boma linayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP m'malo mwa makuponi a pepala, mndandanda wa alimi unayerekezedwa ndi kaundula wa unzika, ndipo maina zikwi mazana angapo amene sanatsimikizike anachotsedwa.

Koma nyengo yomweyo inaphunzitsanso phunziro lina. Wogulitsa fetereza ankayenera kujambula chiphaso cha mlimi ndi foni, ndipo foniyo inkayenera kulumikizana ndi kompyuta yaikulu isanalole kugulitsa. M'misika yambiri ya kumidzi netiweki inali yofooka, kotero alimi ena anagona pa depoti masiku angapo mvula iri kugwa. Cholinga cha ndondomekoyi chinali chakuti fetereza afike m'munda pa nthawi yake. Makina anathandiza kuletsa chinyengo, koma pamene netiweki inabvuta anachedwetsa cholinga chenichenicho. Fetereza wothira mochedwa sabweza chimanga chimene chayamba kale kuchita chikasu. Chifukwa chake okonza makina otere ayenera kuganiziratu chochita pa tsiku limene netiweki yasowa, monga kuti foni isunge zolembedwazo nizitumize pambuyo pake.

Maofesi olankhulana

Dziko limene litchuka kwambiri pa nkhani imeneyi ndi Estonia, dziko laling'ono la kumpoto kwa Ulaya, la anthu ngati 1.3 miliyoni. Linapezanso ufulu wake chaka cha 1991 liri losauka, ndipo linalibe ndalama zomangira maofesi ndi kulemba akalaliki m'dera lirilonse. Atsogoleri ake anagwirizana pa mfundo imodzi yapafupi: Boma lisafunse nzika chinthu chimodzi kawiri. Ngati ofesi ina idziwa kale tsiku limene munthu anabadwa kapena kumene akhala, ofesi inzake ikafunse kumeneko, osati kumtuma munthuyo kuti akatenge kalata.

Pofuna kukwaniritsa mfundoyi, chaka cha 2001 anakhazikitsa njira yotchedwa X-Road. Sanaunjike zolembedwa zonse m'nkhokwe imodzi. Ofesi iriyonse inasungabe kaundula wake, koma anatsegula msewu wotetezedwa woti maofesiwo azifunsana. Chaka cha 2002 anayamba kupereka chiphaso cha unzika chokhala ndi kachitsulo kosunga chizindikiro cha mwini wake, ndipo chaka cha 2005 anthu anayamba kuvota pa intaneti. Munthu wa ku Estonia akafuna kulemba za msonkho wake apeza kuti zambiri zalembedwa kale, iye angoona ngati ziri zoona nabvomereza. Athanso kuona ofesi imene inayang'ana zolembedwa zake, ndipo wanchito wosuzumira popanda chifukwa alangidwa.

Malawi si Estonia. Kumeneko pafupifupi aliyense adziwa kuwerenga ndipo magetsi ali ponseponse. Chotengako sindicho makina ao, koma mfundo imene anayambira. Taganizani za mai wamasiye amene afuna chithandizo cha Mtukula Pakhomo, malo a sukulu a mwana wake, ndi ndalama zimene mwamuna wake anasiya ku nchito. Ngati ofesi iriyonse imtuma kukatenga kalata yake, adzatha ndalama zambiri pa basi kuposa zimene afuna kulandira. Ngati imfa ya mwamunayo inalembedwa kamodzi m'kaundula wa unzika, ndipo maofesi enawo atha kuona, ulendo umodzi ukwanira.

Pamene chida chitsogola

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Maiko olemera naonso anagwa m'mbuna imeneyi. Chaka cha 2002 Boma la Britain linayamba nchito yaikulu yoika zolembedwa za odwala onse a ku England m'makompyuta olumikizana. Mapangano ndi makampani akuluakulu anasainidwa mofulumira ku likulu, koma madokotala ndi anamwino, amene anayenera kugwira makinawo tsiku ndi tsiku, sanafunsidwe mokwanira. Zipatala zinali zosiyanasiyana m'kagwiridwe ka nchito, ndipo makina amodzi sanathe kuzikwanira zonse. Chaka cha 2011 Bomalo linalengeza kuti nchitoyo iphwasulidwe. Mbali zina zinatsala ziri kugwira nchito, koma cholinga chachikulu sichinakwaniritsidwe, ndipo komiti ya Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inati mtengo wake unafika pafupifupi mapaundi 10 biliyoni. Safunsa anadya phula.

M'dziko lino phunziro lowawa linadza chaka cha 2013, pa nkhani imene anthu aitcha Cashgate. Kuyambira chaka cha 2005 Boma linkalipira ndalama kudzera m'makompyuta otchedwa IFMIS, amene anaikidwa kuti ndalama za anthu zisamalidwe bwino. Koma anthu ena osakhulupirika ankalowa m'makinawo, nalemba malipiro a katundu amene sanaperekedwe, nafufuta zolembazo ndalama zitatuluka. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April kufikira September chaka chimenecho. Maiko othandiza anaimitsa chithandizo chao cha ku bajeti, ndipo amene anamva kuwawa anali odwala m'zipatala ndi ana m'masukulu. Makina analipo, koma chachitatu ndi chachinai mwa zinthu zinai zija, ndicho anthu okhulupirika ndi lamulo losungidwa, zinasowa. Nkhokwe ya chitseko cholimba sithandiza ngati makiyi ake apatsidwa kwa aliyense ndipo palibe wowerenga matumba.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo. Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowa m'makompyuta a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko nafuna dipo. Ophunzira, amalonda ndi ofuna nchito kunja anasowa pogwira. Apa panaoneka kuti ofesi ikaika nchito yake yonse m'makina, iyenera kusunga yokha makiyi a makinawo, kukhala ndi zolembedwa zapadera pamalo ena, ndi kuphunzitsa anthu ake enieni kuwakonza.

Muyeso woona

Ofesi ikafuna kudzitama, nkwapafupi kuwerenga makompyuta amene yagula ndi anthu amene apita ku maphunziro. Koma zimenezi sindizo zokolola. Mlimi sayesa chaka ndi makasu amene ali m'nyumba, ayesa ndi ngolo zimene zalowa m'nkhokwe. Muyeso woona wa makina a Boma uli kwa munthu wothandizidwa. Kodi anayenda maulendo angati asanalandire chimene anafuna? Anadikira masiku angati? Anataya ndalama zingati pa ulendo? Kodi panali wina womfunsa kangachepe? Kodi nkhalamba yosadziwa kuwerenga, kapena mlimi amene zala zake zinafufutika ndi mpini wa khasu, anathandizidwa monga anzake?

Masomphenya a dziko lino a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, aika kagwiridwe kabwino ka nchito za Boma pakati pa zinthu zofunika kuti dziko litukuke. Makina ali onse ogulidwa ndi ndalama za msonkho ayenera kuyesedwa ndi muyeso umenewu. Akapezeka kuti aonjezera maulendo m'malo mochepetsa, ayenera kukonzedwa, ngakhale atakhala okongola chotani.

Chinsinsi cha munthu

Kaundula wa m'makina asunga zinthu zimene munthu sangafune kuti aliyense azidziwe, monga matenda ake ndi chuma chake. Chifukwa cha ichi Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza zolembedwa za anthu, limene linayamba kugwira nchito chaka cha 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli lifuna kuti wotenga zolembedwa za munthu anene chifukwa chake, atenge zokhazo zimene afuna, azisunge mosamala, ndipo azikonze ngati mwini wake asonyeza kuti ziri zolakwa. Palinso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a Boma, limene linayamba kugwira nchito mu September 2020. Munthu wofunsa m'mene dzina lake linachokera pa mndandanda sachita mwano, ali kugwiritsa nchito ufulu wake.

Zimene anthu a m'midzi apemphedwa kuchita

Kaundula akhala woona ngati eni maina amsamala. Kotero anthu onse apemphedwa kusunga zinthu izi.

Mwana akabadwa alembetsedwe pasanathe masabata asanu ndi limodzi, ku chipatala kapena kudzera kwa nyakwawa ngati anabadwira kumudzi. Munthu akamwalira, abale ake alembetse imfayo, kuti wina asadye m'dzina la malemu.

Polembetsa, munthu aone bwino kalembedwe ka dzina lake ndi tsiku lobadwa asanachoke. Dzina likhale limodzi ku sukulu, ku chipatala, ku banki ndi pa chiphaso. Aphunzitsi apemphedwa kusamala kwambiri polemba ana a mayeso, pakuti chilembo chimodzi cholakwa pa satifiketi chidzabvutitsa mwanayo zaka zambiri pofuna nchito. Apemphedwanso kukumbutsa ophunzira ofika zaka 16 kuti akalembetse chiphaso.

Chiphaso cha unzika chisaperekedwe kwa mavenda, kwa obwereketsa ndalama za katapira, kapena kwa wina aliyense wolonjeza kukagulira mwini wake fetereza. Nambala yachinsinsi ya pa foni isauzidwe munthu, ngakhale woimba foniyo atanena kuti ndi wa Boma.

Chiphaso chikatayika, mwini wake akanene ku polisi ndi ku ofesi ya kalembera kwa a DC msanga, osadikira nyengo ya fetereza pamene mizere italika.

Pomaliza, anthu akaona kuti makina a ofesi ina ali kuwachedwetsa, anene. Auze a mfumu, a khansala kapena a komiti ya chitukuko ya m'dera mwao, natchule tsiku, malo ndi chimene chinabvuta. Okonza makina akhala kutali ku likulu, ndipo sangadziwe kuti pa depoti yakuti netiweki ipezeka pa chulu pokha ngati eni dera sanawauze. Madandaulo onenedwa bwino ndi chithandizo kwa Boma, pakuti ndiwo asonyeza pamene chida chasiyana ndi nchito yake.